Chigamba cha Bambo Chili M'njira

Lobi,
Dedza.
20 Julaye 1998

Okondedwa alongo anga a Dziwani,

Ndikukutchulani "inu" chifukwa ndamva kuti masiku ano ndinu munthu wamkulu zedi, woweruza ntchito za anthu a m'mayiko onse muli khale pampando ku Kanadako. Ine ndine Bernadetta yemwe uja, amene ndinkakuberekani kumbuyo mamina ali chuchuchu, ngati mukundikumbukira. Mundikhululukire kuti ndalemba papepala ndi bolopeni. Ndikudziwa kuti kalata ya sitampa kwa inu ndi chinthu cha makedzana, ndipo mwina ikagona pansi pa mabuku mpaka Khirisimasi monga zinzake zija.

Kuno tilipo. Kuzizira kwa chaka chino n'kosasimbika, m'mawa udzu ukumachita kuyera, nkhungu ikumachoka m'phiri dzuwa litakwera kale. Nyemba tinakolola bwino, kachewere wa kudimba akulonjeza. Koma izi ndi nkhani za anthu akumudzi, ndisakutayitseni nazo nthawi yanu yodulayo. Nkhani yanga ndi ya bambo athu ndi chigamba chawo.

Muyambe mwadziwa mmene zinayambira, poti inu mumangoona zofika pagalasi la kompyuta yanu. Alamu anu a Misheck, amuna anga, akugwirabe ntchito ku boma, mu ofesi ya mbewu za nyemba, kumene kuli lamya ndi imelo. Kumeneko amagwiritsa ntchito pulogalamu yanu ija yaulere, yosunga mbiri ya chilichonse chimene munthu wasintha pa kompyuta, kuti ukalakwitsa lero uzitha kubwerera pamene unali dzulo. Anandifotokozera kuti imapangidwa ndi anthu ongodzipereka. Aliyense akaona pamene pang'ambika amasoka kachigamba kake n'kukatumiza ku bwalo lanu la pa imelo, ndipo akuluakulu angapo amakaunika asanakalowetse. Loweruka lina a Misheck anafika kunyumba mano ali mbee, ati pakati pa akuluakulu ounikawo apezapo dzina la Dziwani Kadzakumanja.

Bambo anali pakhonde akukhoma mpini wa khasu. Anaima.

"Ndiye amayankha?" anafunsa.

"Tsiku lomwelo, bambo," anatero a Misheck, osadziwa kuti akuponda pachilonda. "Munthu wa ku Japani akalemba m'mawa, madzulo wayankhidwa kale."

"Tsiku lomwelo," anabwereza bambo, n'kupitiriza kukhoma mpini uja ngakhale unali utalowa kale.

Apa n'kuti chaka chitadutsa chimwalirireni amayi, maliro amene inu munawalira ndi timizere ta imelo timene tinafika ife titachotsa kale masamba a maliro pamsewu. Makalata amene bambo anakulemberani pambuyo pake sindiwatchula. Mukuwadziwa, ngati munawatsegula.

M'mawa mwake bambo anandituma kuti nditulutse bokosi la mabuku anu a kukoleji ndi chikompyuta chija munasiya kuchipinda. Ansembe a kuparishi anatibwereka sola ndi batire ya galimoto. Basitu, munthu amene anaphunzitsa masamu mpaka kupuma ntchito anasandukanso mwana wa sukulu. Dzuwa likangogunda sola, iwo ali patebulo, chikhoti kumsana, magalasi pamphuno, kumalasa mabatani ndi chala chimodzi. Mbuzi zinalowa m'dimba iwo ali pomwepo osamva. Anzawo a bawo anatopa n'kuwaitana.

Mphunzitsi wawo anali mkamwini. Koma abale, mukanaona! A Misheck, mwamuna wa digiri yake, ankakhala pakampando pafupi ndi chitseko, cham'mbali, maso ali kukhoma, ngati aitanidwa pa mlandu wa mbuzi. Mawu akuti "mwalakwitsa" sanatulukepo pakamwa pawo. Bambo akalemba zosamveka, iwo amvekere, "Kompyutayi mwina sinamve bwino, bambo." Bambo akabwereza cholakwa chomwecho, "Makina akalewa ndi ovuta, bambo." Kompyuta ija inanamiziridwa milandu yambiri m'nyumba muno. Komabe bambo ndi bambo, mutu wawo mukuudziwa. Pofika mvula yachiwiri anali akuwerenga mizere ya pulogalamu yanuyo monga amawerengera Uthenga Wabwino kutchalitchi.

Ndiye anapeza pong'ambika. Kompyuta munatisiyirayo kabatire kake ka wotchi kanafa kalekale. Ukaiyatsa imati lero ndi pa 1 Januwale 1980, tsiku lililonse, ngati chidakwa. Tsono pulogalamu yanu yanzeruyo imakhulupirira wotchi kuposa munthu. Ntchito imene bambo alemba lero imaiona ngati yakale kuposa ya mwezi watha, n'kumakana kuisunga. Anthu onse ophunzira a pabwalo lanu sanaganizepo kuti padziko pano pali nyumba imene wotchi yake imabwerera m'mbuyo. Bambo anati aisokera chigamba choti izitsata ndondomeko ya manambala a zosinthazo, osati tsiku, ndipo ikaona tsiku lokayikitsa izingochenjeza. Anasoka dzinja lonse.

Lamulo lanu limati chigamba chisanatumizidwe chiyambe chaonedwa ndi munthu wachiwiri. Lamulo labwino, mutu umodzi susenza denga. Koma amene analilemba sankadziwa kuti ku Lobi munthu wachiwiriyo ndi mkamwini, wodya za m'munda wa apongozi ake. A Misheck anaunika, zolakwa anaziona, koma m'malo mopita kwa eni ake anadzandipeza ine kukhitchini.

"Ukawauze bambo kuti mzere wina chapakatipo mwina ukufuna kuonedwanso."

"Mzere uti?"

"Iwo adziwa."

Ine n'kupita kukagwada pakhonde. "Akuti chapakatipo muonenso." Bambo n'kuyang'ana chapakatipo, osaona kanthu, n'kundibweza ndi funso. Ine ndikafika kukhitchini funso lija latayika theka, poti za mafayilo ndi zotsekera zake ine ndizidziwira kuti? Umo ndi mmene kuunika kwa ku Lobi kunayendera, pamiyendo yanga. Potsiriza a Misheck anangoti, "Zili bwino, bambo," akuyang'ana zala zawo zakumapazi. Bambo anakulunga disiketi imene munali chigambacho m'pepala la shuga kuti isalowe fumbi, ndipo Lolemba inakwera matola kupita ku boma.

Lachisanu a Misheck anabwera ndi yankho lanu atasindikiza, nkhope ili ngati ya munthu wodzanena maliro. Ndinawakakamiza kuti andimasulire lonse, liwu ndi liwu. Asa! Munayamba ndi "Bambo A. Kadzakumanja," ngati kalaliki woitana munthu pamzere wa kuchipatala. Munawathokoza ndi ulemu uja wa mu ofesi, wozizira ngati madzi a m'Julaye. Kenako munayamba kusenda. Ati apa mwatsegula fayilo koma simunaitseke. Ati maina amene mwapatsa zinthu sakumveka. Ati mulibe choyesera chosonyeza kuti chigambachi chikugwira. Ati mipata ya kumayambiriro kwa mizere siyofanana. Mipata, a Dziwani! Munthu wokalamba wasoka dzinja lonse ndi chala chimodzi, inu mukuyeza mipata. Ndipo pomaliza penipeni munaikapo nzeru yanu yaikulu ija, yakuti njira yapafupi n'kungogula kabatire katsopano ka wotchi. Zikomo kwambiri, sitinaganize. Kamapezeka pa msika wa Mayani, eti, pakati pa usipa ndi sopo?

Ndipo zonsezi munazinena pabwalo, anthu a mayiko onse akuwerenga. Mzungu wina wa ku Jeremani anabwera pambuyo panu kudzathira ndemanga kuti akugwirizana nanu. Ndithu, agwirizane nanu. Iye sanadyepo nyemba za bambo amenewa.

Ine mtima unandiwira. Ndinafuna kukolezera moto mapepalawo, koma bambo anali atatambasula kale dzanja. Anakhala pakhonde n'kuwerenga mwakachetechete, chala chikutsata mzere uliwonse. Atafika kumapeto anabwerera poyamba. Lamulungu anawapinda n'kuwaika m'thumba la jekete, ndipo titatuluka m'tchalitchi ndinawaona akuwaonetsa a Vinsenti, akatekisiti aja, amene Chingerezi chawo chimathera pa moni. "Taonani mmene amalembera mwanayu," ankatero. Ine ndinati mumtima, akuluakulu ali ndi njira zawo zobisira manyazi. Ndinawamvera chisoni, ndipo inu ndinakutukwanani m'njira monse mpaka kufika kunyumba.

Patapita nthawi bambo anapeza kanthu kena kakang'ono. M'buku la malangizo a pulogalamu yanu munali chitsanzo chimene masitepe ake anasemphana, woyamba kukhala pambuyo. Anakonza n'kutumiza. Ulendo uno a Misheck anabwera akuthamanga kuchokera pamene matola anawatsitsa, ulemu wa chikamwini ataiwala, akukupiza pepala m'mwamba.

"Chalowa, bambo! Achilandira! Dzina lanu lalembedwa pamodzi ndi la anthu onse othandiza!"

Bambo analandira pepala lija. Panali mawu awiri a Chingerezi, akuti chalowetsedwa, zikomo, ndi chilembo choyamba cha dzina lanu. Analitembenuza n'kuyang'ana kuseri. Kuseri kunali koyera.

"Basi?"

"Basi, bambo. Ndiye kuti mwakhoza."

"Oho," anatero. Analipinda pawiri n'kuvindikira nalo kapu yawo ya tiyi kuti musagwere ntchentche. Ine wopusane sindinatolepo kanthu. Ndinangoti ukalamba, munthu sakondwanso ndi zokondweretsa.

Tsopano imvani zimene simukuzidziwa, poti simufunsa. Mwezi wa Meyi bambo anayamba kuphonya chitseko. Tinapita nawo kuchipatala, ndipo adokotala anati shuga wadya maso onse awiri mkati, pamene magalasi sangathandize. Anatiuza mosabisa kuti mvula ikamadzagwa, bambo sadzathanso kuwerenga. Nkhope za anthu azidzaziona ngati mithunzi, koma zilembo ayi. Pobwerera m'matola sananene kanthu za maso. Anangofunsa a Misheck ngati zilembo za pakompyuta zingathe kukuzidwa.

Anazikuza, zikuluzikulu ngati za pa bolodi ya sitandade wani, moti pagalasi pamakwana timizere towerengeka. Ndipo bambo anabwerera ku chigamba chija cha wotchi. Anatenga mapepala anu aja, amene tsopano afewa ngati nsanza chifukwa chopindapinda, n'kuyamba kukonza chimodzichimodzi monse mmene munalamulira. Maina anasintha. Choyesera analemba. Mipata yanu yokondedwayo anaiwerenga ndi nsonga ya pensulo pagalasi, mphuno itatsala pang'ono kugunda. Misozi imatsika chifukwa cha kuwala, iwo n'kumapukuta ndi mkono wa chikhoti. Ndikawaletsa amati, "Bernadetta, kaone nyemba zako zisapserere."

Sabata yatha anamaliza, ndipo Loweruka a Misheck anakhala pansi kuti aunike. Anakhalitsa. Kenako, monga mwa masiku onse, ndinamva mapazi awo akubwera kukhitchini.

"Ntchito iyi ndi yoyera," ananong'ona. "Ine sindikanatha kuisoka chonchi. Koma pali chimodzi chikundizunguza mutu. Fayilo ija yotsegula osatseka, imene alamu anayambira kudandaula, bambo anaikonza kale. Ndinaona ndi maso angawa mzere wotsekera ulipo. Lero palibe. Ukawauze kuti mwina…"

"Iyayi," ndinatero. "Ine ndatopa kukhala mthenga wa zinthu zimene sindizidziwa. Si matipate ano? Dziko lonse likuyankhula, ngakhale ogulitsa makala akutsutsa nduna pa wailesi, inu nokha ndiye mwatsala. Pitani mukanene nokha. Mukufuna akawayalutsenso pabwalo paja chifukwa cha mantha anu?"

Anandiyang'ana ngati ndawatuma kukagwira njoka. Koma anapita, ndiwayamikire pamenepo. Ine ndinaima kuseri kwa chitseko. Ananjuta pakhomo, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Bambo, pepani. Mundikhululukire. Pali mzere umodzi umene wagwa."

"Sunagwe," anatero bambo osatembenuka. "Ndauchotsa ine."

"Koma bambo, popanda umenewo achikana."

"Eya. Achikana."

Kenako bambo anavula magalasi n'kutembenukira kumene kumachokera mawu a mkamwini wawo.

"Bambo ake a Takondwa, inu mumadziwa kuwerengera. Chokhoza amachiyankha ndi mawu awiri. Cholakwa amachilembera masamba. Mukanakhala ine, maso atatsala a miyezi yochepa, mukanatumiza chiti?"

A Misheck anadzuka pamene ananjuta paja. Anabwerera kukhitchini maso ali psuu, n'kunamizira utsi. Ine ndinakhala pansi pomwepo kuseri kwa chitseko. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ine ndinali nditaonerera kukanda konseko osazindikira. Mbuzi zodya m'dimba, dzinja lonse patebulo, mapepala m'thumba la jekete. Sankafuna dzina lawo pamndandanda wanu. Wotchi ya 1980 alibe nayo ntchito, angathe kufunsa tsiku kwa aliyense wodutsa pamsewu. Anaphunzira chiyankhulo cha makina ali ndi imvi chifukwa ndi chokhacho chimene mwana wawo amayankha.

Ndiye mwaona ukulu wanu, a Dziwani? Mumadzitama kuti palibe cholakwa chingakudutseni. Mumaona fayilo yosatseka muli kutsidya kwa nyanja zamchere. Koma nkhalamba yakhala ikugogoda pakhomo panu zaka ziwiri, inu n'kumaiuza kuti nsapato zake sizinapolishidwe. Pulogalamu yanu akuti imakumbukira chilichonse, ndani anasintha chiyani ndipo liti. Zabwino zake. Mwini wake sakumbukira ngakhale amene anamuphunzitsa kuwerenga manambala ndi njere za chimanga pakhonde lomweli. Ndakwiya nanu, ndipo sindikubisa. Ndimachita manyazi anthu kutchalitchi akamandifunsa za inu, ndimangoti ali bwino, ngati ndikudziwa.

Pempho langa ndi ili, ndipo n'lachilendo. Disiketi ili m'pepala lake la shuga, koma ndawauza a Misheck kuti aisunge mu ofesi mpaka Ogasiti atatha, kuti kalata inoyo iyambe yakupezani. Bambo tiwauza kuti lamya ya ku boma yafa, limene si bodza lalikulu poti imafa kawirikawiri. Chigambacho chikafika, musachilandire. Ndikudziwa kuti mungathe kungobwezeretsapo mzere umodziwo nokha n'kulemba mawu anu awiri aja, mukuganiza kuti mwawachitira chifundo. Musayerekeze. Muchikane. Muchikane motalika, ndi luso lanu lonse lopeza zifukwa, limene Mulungu anakupatsani mosaumira. Fayilo yosatsekayo muilembere tsamba lathunthu. Mukasowa cholakwa china, mupeke. Munene za mipata, munene za maina, munene kuti nyengo ikuzizira bwanji kwanuko ndi chimene mwadya. A Misheck adzasindikiza ndi zilembo zikuluzikulu kuti awerenge okha mvula isanagwe.

Ndipo pamwamba pake usalembe "Bambo A. Kadzakumanja." Iwe Dziwani, iwe, ndasiya ulemu tsopano. Ulembe mmene unkawaitanira uli mwana. Mzungu wako wa ku Jeremani akawerenga safa. Pansi pake uwafunse za maondo awo, amawavuta kukazizira. Za maso usatchule, ndipo usanene kuti ndakulembera, angandikwiyire mpaka kumanda.

Upereke moni kwa alamu anga a Sandra, amene timangowadziwa pa chithunzi chija chili pamwamba pa kabati. Mwana wathu Takondwa akupereka moni kwa amalume ake, ngakhale amakusokoneza ndi munthu wa pa kalendala. A Misheck akuti moni, ndipo akuti pepani chifukwa cha kuunika koyamba kuja. Manda a amayi tinalambula mwezi watha, duwa limene tinadzalapo linaphuka. Bambo sanapereke moni poti sakudziwa za kalatayi. Moni wawo ukaupeza pamalo pamene pakusowa mzere paja.

Ine usavutike n'kundiyankha. Ndilibe chigamba choti ndikutumizire.

Ndine mlongo wako amene anakubereka kumbuyo,

Bernadetta